Kuchepetsa thupi kwa munthu wogwira ntchito yathukuta: adye zochuluka bwanji pa tsiku?

Masiku ano si zachilendonso kumva bambo kapena mayi akuchokera kuchipatala akunena kuti awauza achepetse thupi. Ena amauzidwa chifukwa cha BP, ena chifukwa cha shuga, ena chifukwa mawondo ayamba kuvuta. Akafika pakhomo, funso limakhala limodzi: ndiye ndizidya bwanji? Wina amasiyiratu nsima. Wina amatsegula foni n'kupeza pa Facebook kuti azidya makalori 1,200 okha pa tsiku. Pakatha masiku anayi khasu layamba kulemera, mutu ukuwawa, chizungulire chikumugwira padzuwa, ndipo amabwerera ku kadyedwe kake kakale akunena kuti thupi lakelo ndi lachibadwa.

Vuto silikhala kufooka kwa mtima. Nambala imene anatenga si yake. Munthu amene amapalasa bwato usiku wonse, amene amapalira mpunga ku Nkhotakota, amene amasenza beseni la usipa kuchokera padoko kupita kumsika, sangadye mofanana ndi munthu wokhala pampando mu ofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Aliyense ali ndi mlingo wake, ndipo mlingowo mungathe kuupeza nokha ndi foni ya kakyuleta, sikelo ndi chingwe.

Kalori ndi chiyani?

Kalori ndi muyezo wa mphamvu, monga mmene lita ilili muyezo wa petulo. Kalori imene imalembedwa pamapaketi a zakudya ndi mphamvu yokwanira kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Pamapaketi ambiri amailemba kuti kcal. Thupi limatenga mphamvuyi m'zakudya za mitundu itatu. Sitachi ndi shuga, monga za m'chimanga, mpunga, chinangwa ndi nzimbe, zimapereka makalori 4 pa galamu imodzi. Mapuloteni, omwe ali mu nsomba, nyemba, nyama ndi mazira, amaperekanso makalori 4 pa galamu. Mafuta amapereka makalori 9 pa galamu, kupitirira kawiri zinazo.

Mphamvu imene mwadya koma simunaigwiritse ntchito, thupi limaisunga ngati mafuta. Mukadya yocheperapo kuposa imene mukuwononga, thupi limatapa m'nkhokwe imeneyo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kuchepetsa thupi, ndipo tiyi wochepetsa mimba kapena mankhwala ogulitsidwa m'misika sangasinthe chowonadi chimenechi.

Yambani mwaona ngati mukufunikadi kuchepetsa

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, akaonda timayamba kunong'onezana kuti mwina akudwala. Maso okha amanamiza, choncho ndi bwino kuyeza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa BMI. Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi kutalika kwanu m'mamita, kenaka mugawenso ndi kutalika komweko. Mayi wolemera makilogalamu 78, wotalika mamita 1.6, achita 78 kugawa ndi 1.6, kugawanso ndi 1.6, ndipo apeza 30.5. Kwa munthu wamkulu, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi thupi loyenera, 25 mpaka 29.9 ndi kupitirira muyezo, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kumene kumaitana matenda.

BMI siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mlovi wamisinkhu yojintcha akhoza kupeza 26 koma alibe mafuta odetsa nkhawa. N'chifukwa chake chingwe chimathandiza. Dulani chingwe chotalika ngati inu, muchipinde pakati, muchizunguze m'mimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya bwinobwino. Ngati nsonga zake sizikukumana, mimba yanu yapitirira theka la kutalika kwanu, ndipo mafuta a m'mimba ndi amene amayenderana kwambiri ndi shuga, BP ndi matenda a mtima.

Nkhaniyi si ya anthu a m'tauni okha. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse azaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zinthu ziwirizi zimatha kupezeka pakhomo limodzi. Choncho amene akuchepetsa thupi achepetse m'mbale yake, osati mumphika wa banja lonse.

Gawo loyamba: mphamvu imene thupi limadya mukungopuma

Ngakhale mutagona tsiku lonse osagwedezeka, mtima ukugunda, mapapu akupuma, ubongo, chiwindi ndi impso zikugwira ntchito. Zimenezi zimadya gawo lalikulu la mphamvu ya tsiku. Njira yowerengera imene akatswiri a zakudya ambiri amagwiritsa ntchito inasindikizidwa ku America mu 1990 ndi Mifflin ndi St Jeor pamodzi ndi anzawo. Imayenda motere.

Chulukitsani makilogalamu anu ndi 10. Chulukitsani kutalika kwanu m'masentimita ndi 6.25. Phatikizani ziwirizo. Kenaka chulukitsani zaka zanu ndi 5, muchotse pa zimene mwapeza zija. Pomaliza, mwamuna awonjezere 5, mkazi achotse 161.

Tiyerekeze mayi uja wa makilogalamu 78 ndi masentimita 160 ali ndi zaka 38. Apeza 780, aphatikize ndi 1,000, achotse 190, achotsenso 161. Yankho ndi makalori 1,429. Tiyerekezenso bambo wazaka 45, wolemera makilogalamu 88, wotalika masentimita 170. Apeza 880, aphatikize ndi 1,062, achotse 225, awonjezere 5. Yankho ndi makalori pafupifupi 1,720.

Taonani kuti 1,200 ya pa Facebook ija siikufika ngakhale pa zimene matupi a anthu awiriwa amadya atangogona. Nanga akadzuka n'kunyamula khasu?

Gawo lachiwiri: ntchito imene mumagwira

Nambala mwapezayo iyenera kuchulukitsidwa molingana ndi mmene tsiku lanu limayendera. Mu 2004 mabungwe a FAO, WHO ndi yunivesite ya United Nations anatulutsa lipoti la mphamvu imene anthu amafuna, ndipo anagawa anthu akuluakulu m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la anthu okhala pansi nthawi yambiri, monga wogulitsa m'golosale, telala, dalaivala, kalaliki. Amenewa amachulukitsa ndi nambala ya pakati pa 1.4 ndi 1.69. Gulu lachiwiri ndi la anthu oyenda ndi kugwira ntchito yathukuta kwa gawo la tsiku, monga omanga nyumba, komanso amayi a kumudzi amene amalima, kutunga madzi kutali ndi kutola nkhuni. Amenewa amachulukitsa ndi 1.7 mpaka 1.99. Gulu lachitatu ndi la anthu ogwira ntchito yolemetsa kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga olima ndi khasu kuyambira m'mamawa ndi osenza katundu wolemera mtunda wautali. Amenewa amachulukitsa ndi 2.0 mpaka 2.4.

Ngati mayi uja amagula nsomba padoko, kuzisenza, kuziyanika pathandala, kutunga madzi pamjigo ndi kulima pang'ono, tingamuike pa 1.75. Tikachulukitsa 1,429 ndi 1.75 tipeza makalori 2,500. Awa ndi amene amasunga thupi lake pomwe lili, osakwera osatsika. Mayi yemweyo akanakhala kuti amangokhala m'kagolosale tsiku lonse, tikanamuika pa 1.5, ndipo akanapeza pafupifupi 2,140.

Kwa bambo uja kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri. Ngati ndi wakabaza wa njinga yakapalasa kapena mlovi wopalasa ndi kukoka chilimira, 1,720 kuchulukitsa ndi 2.0 ndi makalori 3,440. Koma tiyerekeze kuti zinthu zamuyendera, wagula njinga yamoto, kapena tsopano ndi mwini boti ya injini amene amadikira alovi ake pamthunzi. Tsopano ali cha pa 1.55, ndipo thupi lake likufuna makalori 2,670 okha. Mbale yake ikakhala yomwe ija, tsiku lililonse akutsala ndi makalori oposa 700 opanda ntchito. Umu ndi mmene amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja amatulukira mimba akangosiya nkhafi. Ntchito inasintha, mtanda wa nsima sunasinthe.

Pano pakufunika chilungamo. Anthu ambiri amadziika m'gulu lapamwamba kuposa lawo. Kusewera mpira Loweruka lokha kapena kuyenda mphindi 30 madzulo sikumusandutsa munthu wa mu ofesi kukhala wa gulu lachitatu. Werengani maola amene mumakhala mutatuluka thukuta pa tsiku wamba, osati pa tsiku limene munatopa kwambiri mwezi wonse. Mukakayika pakati pa nambala ziwiri, tengani yaing'ono.

Komanso musawerengere ntchito kawiri. Mukachulukitsa ndi 1.75, kuyenda kwanu konse kwalowa kale m'menemo. Munthu wa makilogalamu 78 akayenda mwandawala ola lathunthu amawononga makalori pafupifupi 300. Botolo limodzi la chakumwa cha shuga la mamililita 500 lili ndi makalori pafupifupi 210. Mukawonjezera mandasi awiri podzithokoza kuti mwayenda, mwabweza zonse ndi chiwongoladzanja.

Gawo lachitatu: muchotse zingati?

Mukapeza nambala yosunga thupi, chotsanipo makalori 300 mpaka 500. Mayi uja akachotsa 400 pa 2,500, mlingo wake wa tsiku ndi 2,100. Bambo wopalasa akachotsa 500 pa 3,440, mlingo wake ndi 2,940. Bambo wa njinga yamoto akachotsa 500 yomweyo, wake ndi cha m'ma 2,170. Onsewa akuchepetsa thupi, koma palibe amene wayandikira 1,200.

Makalori 400 pa tsiku ndi 2,800 pa sabata, ndipo pa mwezi akukwana kilogalamu imodzi ndi theka. Zikuoneka zochepa, koma pa miyezi inayi ndi makilogalamu 5 kapena 6. Kwa munthu wa makilogalamu 78, kutsika kotereku n'kokwanira kuti BP ndi shuga ziyambe kusintha. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Anawapatsa cholinga chotsitsa kulemera kwawo ndi magawo 7 pa 100 ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Chiwopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi anzawo amene sanachite zimenezo. Simukufunika kubwerera ku thupi la paunyamata kuti mupindule.

Chifukwa chiyani osachotsa 1,000 kuti zithe msanga? Thupi likamanidwa kwambiri silitapa mafuta okha, limadyanso minofu. Kwa munthu amene chakudya cha ana ake chimachokera m'mikono yake, kutaya minofu ndi kutaya ndalama. Njala yaikulu imachepetsanso liwiro la ntchito, ndiye makalori amene mumaganiza kuti mukuwononga simukuwawononganso. Ndipo munthu wochita chizungulire pamtunda amakhala pansi, koma wochita chizungulire m'bwato pakati pa nyanja ali pangozi. Madokotala ambiri salola kuti mkazi atsike pansi pa makalori 1,200 kapena mwamuna pansi pa 1,500 popanda kuyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo malire amenewa ndi a anthu okhala pansi. Wogwira ntchito yolemetsa asawayandikire n'komwe.

Makaloriwa ali pati m'khitchini mwathu?

Nambala ilibe phindu ngati simungaione m'mbale. Simukufunika kuyeza chilichonse moyo wanu wonse. Sabata imodzi yoyeza ndi yokwanira kuti maso anu aphunzire.

Yambani ndi nsima. Ufa wouma wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, ndiye kilogalamu imodzi ili ndi 3,600. Ufa wa kondowole ndi mpunga wosaphika sizisiyana kwambiri ndi pamenepa. Yezani pasikelo ya m'sitolo ufa umene mumaphika nthawi imodzi, kenaka muwerenge mitanda imene yatuluka. Ngati kilogalamu imodzi yatulutsa mitanda 15, ndiye kuti mtanda uliwonse uli ndi makalori 240. Chipande cha pakhomo lina n'chachikulu kuposa cha pakhomo lina, choncho werengani chanu. Mgaiwa ndi ufa woyera zili ndi makalori ofanana, koma mgaiwa uli ndi gaga amene amakhalitsa m'mimba, ndipo njala imachedwa kubwera.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira. Supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120, theka la mtanda wa nsima, koma siikhutitsa aliyense. Lita imodzi ili ndi makalori oposa 8,000. Banja la anthu 6 likamaliza lita pa sabata, aliyense akudya makalori pafupifupi 200 a mafuta okha tsiku lililonse. Chambo chowotcha kapena chophika ndi tomato ndi anyezi chili ndi makalori ochepa, koma chikamizidwa m'chiwaya chimamwa mafuta.

Chachitatu ndi shuga. Supuni yaing'ono yosadzaza mosefukira ili ndi makalori 16. Makapu atatu a tiyi pa tsiku, kapu iliyonse masupuni atatu, ndi makalori 144, ndipo ambiri a ife timadzaza supuni mpaka kupanga phiri. Sobo, thobwa lothira shuga ndi zakumwa za m'mabotolo zimalowa m'thupi osakhutitsa, moti munthu amadya nsima yake yonse ngati sanamwe kanthu. WHO imalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku.

Zina zofunika kuzidziwa ndi izi. Mtedza uli ndi makalori pafupifupi 570 pa magalamu 100, ndi chakudya chabwino koma dzanja limodzi ndi lokwanira. Chinangwa chili ndi pafupifupi 160 pa magalamu 100, pamene mbatata ili ndi osakwana 100. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 75. Nthochi yapakatikati ili ndi pafupifupi 100. Masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru ndi chigwada ali ndi makalori ochepa kwambiri, moti mungathe kudzaza nawo theka la mbale popanda nkhawa.

Tsopano taonani kumene mayi uja angapeze makalori ake 400. Akachepetsa shuga kuchoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi m'kapu iliyonse, wapeza pafupifupi 100. Akachepetsa mafuta ndi supuni yaikulu imodzi ndi theka, wapeza 180. Akasiya theka la mtanda madzulo, wapeza 120. Zakwana, ndipo nsima sanaisiye.

Tsiku la makalori 2,100 limaoneka bwanji?

M'mawa, phala la mgaiwa la ufa wokwana magalamu 60, supuni yaikulu ya nsinjiro, tiyi wa shuga pang'ono ndi nthochi imodzi zikwana cha m'ma 430. Masana, mitanda iwiri ya nsima, kapu ya nyemba, masamba ndi supuni imodzi ya mafuta zikwana cha m'ma 870. Chakumadzulo, mbatata yophika yapakatikati ndi cha m'ma 130. Usiku, mtanda umodzi ndi theka, chambo chowotcha cha mnofu wokwana magalamu 150, masamba ndi theka la supuni ya mafuta zikwana cha m'ma 660. Tsiku lonse lakwana pafupifupi 2,100. Uku si kudzimana, ndi chakudya cha munthu wogwira ntchito.

Chimene simuyenera kuchepetsa ndi ndiwo zomanga thupi. Munthu amene akuchepetsa thupi uku akugwira ntchito amafunika mapuloteni okwana galamu 1.2 kapena kupitirirapo pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kuti chochoka chikhale mafuta osati minofu. Kwa mayi uja ndi magalamu oposa 90 pa tsiku. Anthu a kunyanja ali ndi mwayi pamenepa. Usipa, utaka, mcheni, kampango ndi chambo zili pafupi, ndipo usipa wouma wodyedwa ndi minga yomwe umaperekanso kashiamu wolimbitsa mafupa. Nsomba zikadula, nyemba, khobwe, nandolo, soya ndi mazira zimagwira ntchito yomweyo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa akhalebe onse m'mbale. Chosintha ndi kukula kwa gulu lililonse.

Nambala imasintha ndi nyengo

Wa mu ofesi ntchito yake imafanana chaka chonse, koma mlimi ndi msodzi ayi. M'nyengo yosula, yobzala ndi yopalira, mlimi akhoza kukhala pa 2.0. Akakolola n'kuika m'matumba, akhoza kutsika kufika pa 1.6, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwe chakudya chachuluka ndiponso maukwati ayamba. Msodzi naye mwera ukamaomba m'miyezi yozizira amatha masiku ali pamtunda, chimodzimodzinso boma likatseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane. Kwa bambo wa makalori 1,720, kutsika kuchoka pa 2.0 kufika pa 1.6 ndi kusiyana kwa makalori pafupifupi 700 pa tsiku, mitanda itatu ya nsima.

Choncho khalani ndi nambala ziwiri, ya masiku a ntchito ndi ya masiku opuma. Nthawi yabwino yochepetsera thupi ndi pamene ntchito yachepa ndipo chakudya chilipo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ntchito yachuluka ndipo m'nyumba zambiri ufa wachepa, thupi limatsika lokha, ndipo palibe chifukwa chochotseranso.

Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi akuyenera kufunafuna thukuta mwadala. WHO imalangiza munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda mwandawala, kupalasa njinga kapena ntchito yofanana nazo, komanso masiku awiri a ntchito yolimbitsa minofu.

Mwezi wa Ramadhani

Ambiri amaganiza kuti kusala kokha kumachepetsa thupi. Kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana amaonetsa kuti anthu amatsika pafupifupi kilogalamu imodzi m'mweziwu, ndipo ambiri amaibweza pakangotha masabata ochepa Eid itadutsa. Thupi limawerengera mphamvu ya usana ndi usiku pamodzi. Masamusa, mandasi, zitumbuwa, mpunga wamafuta ndi zakumwa zotsekemera zikhoza kubweza m'maola awiri zonse zimene munthu sanadye tsiku lonse. Tende imodzi yaing'ono ili ndi makalori pafupifupi 20, ndiye si tende zitatu zomasulira zimene zimanenepetsa, koma zimene zimatsatira.

Mlingo wanu wa tsiku susintha chifukwa cha kusala, chimasintha ndi kagawidwe kake. Dakwi itenge pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mukhale chakudya chokhalitsa monga phala la mgaiwa la nsinjiro, nyemba, mazira kapena nsomba. Pomasula yambani ndi madzi ndi tende kapena chipatso, mupume kaye, kenaka mudye chakudya chachikulu modekha. Futali wa mbatata kapena maungu wothira nsinjiro ndi chakudya chokwanira pachokha, ndiye akakhalapo mitanda ya nsima ichepe. Imwani madzi pang'onopang'ono usiku wonse kufikira dakwi.

Amene amagwira ntchito yolemetsa padzuwa la ku Mangochi kapena Salima asachotse makalori 500 aja m'mwezi umenewu. Adye mlingo wosunga thupi, ntchito yaikulu aigwire m'mamawa, ndipo kuchepetsa adzapitirize mwezi ukatha. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapilitsi otsitsa shuga apite kuchipatala mwezi usanayambe kuti akakambirane za mankhwala awo, pakuti shuga akatsika kwambiri munthu amakomoka. Za malamulo a kusala kwa wodwala afunse ma Shehe awo.

Sikelo ndi imene imaweruza

Masamu onsewa ndi poyambira chabe. Anthu awiri ofanana zaka, kutalika ndi kulemera akhoza kusiyana ndi makalori 200 kapena kuposerapo. Chimene chimakuuzani zoona ndi thupi lanu pakapita masabata.

Dziyezeni kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pasikelo yomweyo, mutavala zovala zofanana, ndipo lembani m'kabuku. Musadandaule ndi tsiku limodzi. Madzi a m'thupi amakwera ndi kutsika ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri chifukwa cha mchere, thukuta, kudzimbidwa kapena nthawi ya kumwezi kwa amayi. Yang'anani masabata anayi pamodzi. Ngati mwatsika kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa mwezi, mwapeza nambala yanu, pitirizani. Ngati simunatsike, chotsaninso makalori 150 mpaka 200, kuyambira ku mafuta ndi shuga. Ngati mukutsika kupitirira kilogalamu imodzi sabata iliyonse, kapena ntchito ikukukanikani, tulo sitikubwera, mtima ukupsa msanga, bwezerani theka la mtanda. Chingwe chija chiyeseninso mwezi ndi mwezi, pakuti nthawi zina mimba imaphwa sikelo isanasunthe.

Dziwaninso kuti thupi likamapepuka limafuna mphamvu yochepa. Mayi uja akatsika makilogalamu 6, nambala yake yosunga thupi imatsika ndi makalori pafupifupi 100. N'chifukwa chake liwiro limachepa pakapita miyezi. Si ufiti ndipo si kulephera. Bwerezani masamu aja mukatsika makilogalamu 5 alionse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene asatsate njira imeneyi

Mayi woyembekezera asachepetse chakudya kuti aonde. Mayi woyamwitsa amafunika makalori owonjezera pafupifupi 500 pa tsiku m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, choncho ayambe wafunsa kusikelo ya ana asanachotse kalikonse. Ana ndi achinyamata osakwana zaka 18 akukula, ndipo masamu awa si awo. Mwana wonenepa kwambiri apite naye kuchipatala, osati kumumana nsima kapena kumunyoza. Aliyense amene BMI yake ili pansi pa 18.5 akufunika kuwonjezera, osati kuchotsa. Mtsikana kapena mnyamata amene wayamba kuopa chakudya, kudzisanzitsa kapena kubisa kuti sakudya akufunika thandizo la achipatala msanga.

Odwala shuga, impso, mtima kapena BP amene ali pamankhwala adziwitse achipatala kuti ayamba kuchepetsa thupi, chifukwa thupi likatsika mlingo wa mankhwala nawo umafunika kuunikidwanso. Amene akumwa ma ARV n'kuona kuti thupi likukwera asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi, akafotokoze kuchipatala kumene amalandirira. Ndipo munthu amene akuonda asanasinthe kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu losatha kapena akukodza pafupipafupi, asasangalale kuti thupi lachepa. Zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za TB, shuga kapena matenda ena, ndipo akayezetse.

Abale ndi alongo, kwa ena nonse ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Dziyezeni kulemera ndi kutalika, werengani nambala yanu, ikani ntchito yanu m'gulu lake mwachilungamo, chotsani 300 mpaka 500. Kenaka yezani ufa wa tsiku limodzi, werengani mitanda, ndipo ikani chizindikiro pabotolo la mafuta kuti muone mmene likutsikira. Amene amaphika ndi amene akuchepetsa thupi akambirane, kuti mbale imodzi ichepe pomwe za ana zikhale zodzaza monga kale. Pakatha masabata anayi tsegulani kabuku kaja, ndipo kadzakuuzani ngati muwonjezere kapena muchotse, Insha Allah.